Lensi yovala m'diso pambuyo pa opaleshoni ya leza: mmene mungapezere yokukwanani

Ndinachitidwa opaleshoni ya maso ya leza yotchedwa LASIK ku Johannesburg mu 2012, nthawi imene ndinkagwira ntchito kumeneko. Magalasi amene ndinayamba kuvala ndili Fomu 1 ndinawaponya m'dirowa, ndipo kwa zaka zinayi ndinkaona bwino lomwe. Nditabwerera kuno ku Harare, diso lamanzere linayamba kusintha. Madzulo ndikamadikira kombi ya ku Mabvuku pa Fourth Street, nyali imodzi ya galimoto inkaoneka ngati zitatu, iliyonse ili ndi mchira wake. Ntchito yanga ndi yosunga mabuku a ndalama, ndiye tangoganizani 3 ndi 8 zikayamba kufanana. Ndinasintha magalasi katatu pa zaka ziwiri, koma palibe amene anathandiza.

Lamulungu lapitali titaweruka ku tchalitchi chathu cha CCAP, mayi wina anandiimitsa panja. "Achimwene, ndamva kuti inu mumavala magalasi a m'kati mwa diso. Mwana wanga naye anachitidwa leza, koma tsopano akuti akuona mbuu." Ndinawafotokozera zimene ndikanatha titaimirira padzuwa, koma nkhaniyi ndi yaitali. Ine si dokotala. Ndine munthu amene wavala lensi yotereyi tsiku ndi tsiku kuyambira 2019, ndipo zotsatirazi ndi zimene ndikanakonda wina akanandiuza ndisanayambe.

Dziwani kaye chimene chavuta

Kutsogolo kwa diso kuli kachikopa koonekera ngati galasi, kophimba mbali yakuda ija. Adokotala amakatchula kuti koniya. Pakati pake n'popyapyala, pafupifupi theka la milimita, komabe magawo awiri mwa atatu a ntchito yopinda kuwala kuti kukagwere pamalo oyenera m'diso ndi ake. Pa LASIK amasenda kachivindikiro kapamwamba, leza n'kupala mnofu wapansi pake, kenako n'kubwezeretsa kachivindikiro kaja. Pa opaleshoni ina ya leza yotchedwa PRK palibe kachivindikiro, amapala pamwamba pomwepo. Anthu ambiri zimawayendera bwino. Ena ochepa pamalo popalidwapo pamatsala posasalala kapena popendekera mbali imodzi. Enanso, ngati ine, khoma lotsalalo limakhala lofooka, ndipo mphamvu ya madzi a m'kati mwa diso imalikankha pang'onopang'ono mpaka litatukumuka, kawirikawiri chakumunsi. Vutoli amalitcha ectasia, ndipo dokotala wa ku Germany, Theo Seiler, analifotokoza mu 1998. Limafanana kwambiri ndi matenda a keratoconus amene ena amadwala osachitidwa opaleshoni iliyonse.

Magalasi amakonza diso lopindika mwadongosolo. Koniya ikakhala ya mabampu, malo aliwonse amapinda kuwala mwa okha, ndipo palibe galasi limene lingagwirizane ndi malo onsewo nthawi imodzi. Lensi yofewa ya masiku onse nayo sithandiza kwenikweni, chifukwa ili ngati nsalu yonyowa yoyanika pamwala: imangotsatira mabampu a mwalawo. Lensi yolimba imasunga mpangidwe wake, ndipo madzi amadzaza mpata wa pakati pa iyo ndi diso. Munaonapo msewu wa maenje mvula ya Januwale itagwa, madzi atadzaza maenje onse pamwamba n'kuoneka see? Ndi zomwezo. Madzi ndi koniya zimapinda kuwala pafupifupi mofanana, choncho mabampu aja amabisika, kuwala n'kumaona lensi yosalala yokha.

Musanaganize za lensi, pitani kwa dokotala wa maso akajambule mapu a koniya. Makina ake amatulutsa chithunzi cha mitundumitundu: pofiira ndi potukumuka, pabuluu ndi paphwatalala. Pemphani kope lanu n'kulisunga, chifukwa mapu a lero amakhala ndi phindu akayerekezedwa ndi a miyezi 6 ikubwerayi. Ngati kutukumukako kukupitirira, lensi sikungaimitse. Imangokuthandizani kuona, matenda ali kuyendabe pansi pake. Choimitsa ndi chithandizo chotchedwa cross-linking, chimene amadontheza riboflavin, amene ndi vitamini B2, n'kuwalitsa kuwala kwa UV kuti mnofu wa koniya ulimbe. Njirayi inachokera ku Dresden, ndipo zotsatira zake zoyamba pa anthu zinafalitsidwa mu 2003. Ine ndinachitidwa diso lamanzere mu 2018, n'kudikira mpaka adokotala ataona kuti pamwamba papola ndipo mapu akhazikika. Kuyeza lensi pa diso limene likusinthabe n'kutaya ndalama.

Ndipo siyani kutikita maso. Nyengo ya fumbi maso amayabwa, ndikudziwa, koma chala chimafooketsanso khoma lofooka kale lija. Pemphani mankhwala a kuyabwako.

Kusankha wokuyezani ndi mtundu wa lensi

Si shopu iliyonse ya magalasi m'tauni muno imene imachita ntchito imeneyi. Imbani foni kaye mufunse ngati ali ndi makina a mapu, ndiponso ngati ali ndi bokosi la malensi oyesera a mtundu wa scleral ndi a reverse geometry, mitundu imene ndifotokoze m'munsimu. Funso lachitatu ndi limene ambiri amaiwala, pomwe ndi limene limapweteka m'thumba: kodi mtengo umene akutchulawo ukuphatikiza kubweranso kudzaonedwa ndi kusinthitsa lensi ikapanda kukwana? Malensi amenewa amasemedwa ku labu potsatira miyezo ya diso lanu lokha, ndipo yoyamba kawirikawiri siikhala yomaliza. Yanga inkachokera kunja kwa dziko, ndipo kusintha kulikonse kunali kudikira masabata angapo. Muuzidwe zonsezi musanapereke dola ngakhale imodzi.

Tengani mapepala onse a opaleshoni amene muli nawo: mtundu wake, chaka chake, ndi mphamvu ya magalasi amene munkavala kale. Ngati mukuvala kale lensi ina, funsani kuti muivule masiku angati musanajambulidwe mapu, chifukwa lensi imasiya chidindo pa koniya, makamaka yolimba.

Ine ndinayamba ndi lensi yaing'ono yolimba, imene amaitcha RGP, ya mamilimita 9 kapena 10. Imakhala pa koniya penipeni, n'kumasuntha pang'ono mukaphethira. Koniya yachibadwa imakhala yotukumuka pakati n'kumaphwatalala chakumphepete, koma leza yochotsa vuto losaona patali imatembenuza zimenezi: pakati pamaphwatalala, m'mphepete n'kukhala motsetsereka. Lensi wamba imasowa pokhala, imatsetsereka kapena kusunga thovu pakati. N'chifukwa chake pali ya reverse geometry, yosemedwa motsatira mpangidwe wotembenukawo. Ena imawakwana bwino, ndipo ndi yotsika mtengo, choncho musaikane musanaiyese. Ine inkandionetsa bwino, koma mphepo ya Ogasiti itayamba, kafumbi kamodzi kakalowa pansi pake ndinkaima pakati pa msewu misozi ili chuchuchu. Pali njira yoika lensi yofewa pansi, yolimba pamwamba, ndiponso pali lensi yolimba pakati yofewa m'mphepete. Sindinakhalitse pa zimenezo.

Imene inandithandiza ndi scleral. Ndi yaikulu, kawirikawiri mamilimita 15 mpaka 18, ndipo yanga ndi 16.5. Siikhudza koniya ngakhale pang'ono. Imatsamira pa choyera cha diso n'kudumpha pamwamba pa mbali yakuda, monga mbale yovindikira nsima imakhalira pa mkombero wa inzake osagunda mitanda. M'kati mwake mumathira salaini, madzi a mchere ogula ku famase, musanaivale, ndipo koniya imakhala m'madzimo tsiku lonse. Kwa ife a LASIK zimenezi ndi mwayi wina, chifukwa opaleshoni imadula timitsempha ta koniya ndipo ambiri timatsala ndi maso ouma. Nzeruyi ndi yakale: Adolf Fick anayesa malensi otere a galasi ku Zurich mu 1888, koma munthu sankatha kukhala nawo nthawi yaitali. Koniya ilibe mitsempha ya magazi, mpweya wake imautenga kunja kudzera m'misozi, ndipo galasi linkautsekereza. Zinasintha pamene Don Ezekiel wa ku Australia anafotokoza mu 1983 za malensi otere opangidwa ndi pulasitiki yolola mpweya kudutsa.

Tsiku loyezedwa

Pemphani tchuthi cha theka la tsiku. Wokuyezani amasankha lensi yoyesera, amaidzaza ndi salaini, n'kuviikamo kapepala ka utoto wotchedwa fluorescein, umene umawala mobiriwira akauunika ndi nyali yabuluu. Mukatsamiritsa chibwano pa makina ake, amayang'ana malo atatu. Oyamba ndi pakati, kuti aone kukula kwa mpata wa madzi. Poyamba amafuna mamaikuloni pafupifupi 200 mpaka 300, kutanthauza ngati theka la kuchindikala kwa koniya yomweyo. Ukachepa lensi idzagunda nsonga ya bampu n'kuikhula. Ukachuluka mpweya umavutika kufika, ndipo kuona kumachepa. Achiwiri ndi malire a chakuda ndi choyera, pamene pamakhala maselo amene amakonzanso khungu la koniya, ndipo pamenepa lensi siyenera kupanikiza. Achitatu ndi mkombero wotsamira pa choyera. Ukathina umafinya timitsempha ta magazi mpaka malowo ayere mbee. Ukatakasuka mumaumva ndi chikope, ndipo zinyalala za m'misozi zimalowa pansi.

Adzakuuzani kuti mukakhale panja kwa mphindi 20 kapena 30. Musaone ngati akukuchedwetsani. Choyera cha diso chili ndi kachikopa kofewa pamwamba, ndipo lensi imamira mmenemo pang'onopang'ono, mwina mamaikuloni 100 kapena kupitirira pakatha maola angapo. Mukabwerera m'chipinda ndi pamene amayeza mphamvu, akuikirani magalasi oyesera pamwamba pa lensi ija. Tsiku limenelo ndinawerenga mzere umene ndinali ndisanauone kwa zaka zitatu. Ndinakhala chete kwa kanthawi, ndipo mayi wondiyezayo anandisiya osandifulumiza.

Kubwereranso, kumene kuli ntchito yeniyeni

Apa ndi pamene ndikufuna mundimvetsetse. Makina amaona diso lanu kwa mphindi zochepa m'chipinda chozizira bwino. Zimene zimachitika 2 koloko masana, mutakhala pa kompyuta kuyambira m'mawa kapena mutayenda m'fumbi la ku Mbare Musika, mukuzidziwa ndinu nokha. Ife tinaleredwa kuti dokotala akafunsa timati "zili bwino, adokotala", kuopa kuoneka ovuta. Ulemu umenewo pano udzakupwetekani. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Gulani kabuku kakang'ono. Tsiku lililonse lembani nthawi imene mwavala, nthawi imene kuona kwayamba kuchita chifunga, mbali imene mukumva mkombero, ndi mmene diso likuonekera mukavula. Mukamapita kukaonedwa, pitani mutavala lensi kwa maola 4 kapena kupitirira, ndipo pemphani nthawi ya masana. Mukaivala pakhomo la chipatala adzaona lensi imene sinamire, n'kuganiza kuti mpata ndi wokwanira.

Lensi yanga yoyamba inkayamba chifunga ikamakwana 1 koloko, ndipo ndikavula ndinkapeza mzere wofiira mbali ya kumphuno umene unkatenga maola kuti uzimiririke. Kachidindo kozungulira kosapweteka, kotha msanga, si vuto. Koma kufiira kokhalitsa kumasonyeza kuti mkombero ukuthina. Nditaonetsa kabuku kanga, wondiyezayo anandifotokozera kuti choyera cha diso sichozungulira mofanana mbali zonse, ndipo lensi inkathina mbali ina n'kutakasuka mbali ina, kumene zinyalala zinkalowera. Anaitanitsa yachiwiri ya mkombero wopindika mosiyana m'mbali zake. Kufiira kunatha ndipo chifunga chinachepa kwambiri. Yachitatu inali yongokonza mphamvu pang'ono. Tinayamba mu Meyi, tinamaliza majakaranda atayamba kuchita maluwa. Masiku ena chifunga chimabwerabe madzulo, ndipo ndimangovula, kutsuka, kuthira salaini watsopano n'kuvalanso.

Musayembekezere kuti michira ya nyali idzatheratu. Kwa ine inachepa moti ndimayenda usiku mosaopa, koma pang'ono ilipobe.

Kuvala ndi kuvula

Sabata yoyamba ndinkatha mphindi 40 ndikulimbana ndi diso limodzi. Lero sizikwana mphindi ziwiri. Musachoke kwa wokuyezani musanavale ndi kuvula nokha iye akuona.

Yalani thaulo loyera patebulo, kalilole mumugoneke chagada pamenepo. Musachitire pa sinki. Sambani m'manja ndi sopo wopanda mafuta, n'kupukuta mpaka muume gwa ndi nsalu yosasiya ulusi. Vaseline ndi mafuta odzola zidikire mpaka mutamaliza, chifukwa zikakhudza lensi mudzaona chifunga tsiku lonse. Yambani ndi diso lomwelomwelo masiku onse kuti musasokoneze malensi. Ikani lensi pa kampira kake kovalira, kapena pa zala zitatu zoimika ngati mafuwa, n'kuidzaza ndi salaini mpaka madzi atatukumuka pamwamba pa mkombero. Weramani mpaka nkhope iyang'ane pansi ndendende, chibwano chili pachifuwa. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: mutu ukangodzuka pang'ono madzi amatayika, thovu n'kulowa. Ndi dzanja linalo gwirani zikope m'munsi mwenimweni mwa nsidze, osati pakhungu lakutali, n'kuzitsegula kwambiri. Maso onse awiri akhale otsegula. Kwezani lensi molunjika. Madzi ozizira akakhudza diso thupi limafuna kuthawa, koma pitirizani mpaka lensi itakhala, kenako siyani kampira, n'kumasula zikope pomaliza.

Yang'anani pa kalilole ngati muli thovu. Likakhalapo silichoka lokha ngakhale muphethire chotani, ndipo pamalo pamene lakhala koniya imauma. Vulani muyambirenso.

Povula pali kampira kena kakang'ono. Donthezani salaini m'diso, nyowetsani kampirako, n'kukamatika chakumunsi kwa lensi pafupi ndi mkombero, kenako kokani mopendeketsa ngati mukutsegula chivindikiro cha chitini. Musakamatike pakati. Mukatero mukukoka lensi yonse nthawi imodzi ndipo imakakamira diso mopweteka. Ikakana, kanikizani pang'ono choyera cha diso pafupi ndi mkombero kudzera pa chikope chakumunsi kuti mpweya ulowe, idzamasuka.

Magetsi akazima m'mawa ndimagwiritsa ntchito nyali yotchaja, yoimika pambali pa kalilole. Mayi a kunyumba ndi amene anandigulira ataona ndikuyesa kuunika ndi foni, dzanja lomwe ndimafuna kugwirira chikope.

Madzi

Kwathu ku Mabvuku madzi timatunga pa mjigo, ena pa chitsime, ndipo a m'mpopi akabwera timadzaza migolo ndi zigubu. Onsewa, ngakhale ooneka oyera, ngakhale owiritsa kapena a m'botolo ogula, asakhudze lensi yanu kapena kabokosi kake. M'madzi ndi m'dothi mumakhala kachilombo kotchedwa Acanthamoeba. Tikamwa sikatichita kanthu, koma kakatsekeredwa pansi pa lensi kamalowa mu koniya, ndipo matenda ake ndi opweteka koopsa, ovuta kuchiza, otha kuchititsa khungu. Zimenezi si za Harare yekha, lamuloli ndi lomwelo ku London. Kungoti ife madzi athu amakhalitsa m'migolo, ndiye tiyenera kusamala koposa. N'chifukwa chake ndanena kuti manja aume musanagwire lensi. Sambani thupi musanavale kapena mutavula, ndipo musasambire mutavala.

Wothira m'kati mwa lensi akhale salaini wa 0.9 peresenti wopanda mankhwala osungitsa, wa m'timabotolo totsegula kamodzi. Madziwo amakhala pa koniya maola ambiri osasinthika, choncho mankhwala osungitsa amene ali m'mabotolo akuluakulu amayamba kuotcha. Kabotolo mukatsegula m'mawa musakasungire mawa. Musasungunule mchere wa kukhitchini kuti mupange wanu, ndipo musanyowetse lensi ndi malovu. Salaini ameneyu nthawi zina amasowa m'mafamase, ndiye ine ndikatsala ndi wa masabata awiri ndimayamba kale kufunafuna.

Usiku ndimapaka lensi mankhwala otsukira ndi chala kwa masekondi 20, kuitsukuluza, n'kuiika m'kabokosi ka hydrogen peroxide wa 3 peresenti wopangidwira malensi. M'kabokosimo muli kachitsulo kamene kamasandutsa mankhwalawo kukhala madzi, ndipo pamafunika maola 6 athunthu. Mukaitulutsa msanga, kapena mukadontheza mankhwalawo m'diso mwangozi, mudzamva moto. Tsukani diso ndi salaini wambiri nthawi yomweyo. Botolo lake limakhala ndi kamutu kofiira, ndipo ine ndimaliika kutali ndi salaini kuti dzanja lisasokoneze m'mamawa. Peroxide wotsukira zilonda si wa ntchito imeneyi. Kabokosi kasinthidwe pamodzi ndi botolo latsopano, ndipo kasapitirire miyezi itatu.

Pamene simuyenera kudikira

Diso likayamba kupweteka, kufiira, kuopa kuwala, kutulutsa manthongo, kapena kuona kukatsika ndipo sikubwerera mutavula lensi, vulani musavalenso, ndipo pitani kwa dokotala wa maso tsiku lomwelo. Tengani lensi ndi kabokosi kake, chifukwa angafune kuziyeza. Ngati dokotala wanu sakupezeka, ku Parirenyatwa kuli chipatala cha maso cha Sekuru Kaguvi. Musadontheze mankhwala otsala a munthu wina, makamaka okhala ndi steroid, amene amaziziritsa ululu kachilombo kali kudya. Mukayamba kuona utawaleza kuzungulira nyali mutavala maola ambiri, koniya ikhoza kukhala itatupa chifukwa chosowa mpweya, ndipo wokuyezani ayenera kudziwa msanga. Ngakhale zonse zili bwino, kajambulitseni mapu kamodzi pachaka.

Musagone mutavala, ngakhale tulo ta masana. Ndikamapita kumudzi kwa agogo ku Dedza, basi imanyamuka ku Harare kudzera ku Nyamapanda ndi Tete mpaka ku Mwanza, ndipo palibe amene amafika osasinza. Pa ulendo umenewo ndimavula lensi ndisanachoke panyumba n'kuvala magalasi, ngakhale amandionetsa pang'ono. M'kachikwama ka m'manja, osati m'katundu wopita pansi pa basi, ndimaika malensi, timampira tiwiri ta mtundu uliwonse, salaini wokwana masiku onse ndi sabata ina yapadera, kalilole wamng'ono, mapepala opukutira m'manja, ndi pepala lolembedwa miyezo ya lensi yanga kuti ikasweka ndithe kuitanitsa ina pafoni.